Funso Lachinayi

Magetsi azima ku Luwinga kuyambira masana.
Ndikuchonga ntchito ya ophunzira ndi kuwala kwa foni,
mbaula ili kumapazi,
mvula yamawawa ikunong'ona padenga,
mvula ya Mzuzu ija yosadziwa kuti dzinja linatha.

Funso lachinayi ndinalipeka ndekha:
"Ndiwe manijala wa kampani yocheka matabwa.
Chilolezo chako ndi cha mitengo mazana awiri,
koma mlonda wa nkhalango akuti ukamuganizira
maso ake sawerenga bwino.
Uchita chiyani? Malikisi makumi awiri."

Onse akana chiphuphu.
Onse abzala mbande khumi pa mtengo umodzi wogwa.
Asanu ndi atatu akana ndi mawu ofanana ndendende,
mpumiro pa mpumiro,
Chingerezi choterera ngati sopo wonyowa.
Amene wawalembera ndikumudziwa:
amakhala m'foni, sagona tulo,
sanapondepo utuchi, alibe m'bale wodwala.
Sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe.

Kenaka pepala la Walinase Harawa,
uja wokhala kumbuyo,
wofika mochedwa Lachiwiri lililonse
utsi uli m'juzi.
Walemba pamanja, bolopeni ikukomoka pakati pa tsamba:

"Aphunzitsi, mlonda ameneyo ndikumudziwa.
Ndi bambo anga aang'ono.
Malipiro awo amatha mwezi usanakwane sabata ziwiri.
Fizi ya chaka chino inalowa usiku m'foni yanga,
kulira kamodzi, uthenga umodzi,
ndipo sindinafunse kuti ndi mitengo ingati.
Ndalama ya pafoni sinunkha utomoni.
Mukufuna ndilembe kuti ndingawaneneze.
Mwina ndingawaneneze.
Koma ndingayambe ndafunsa amene analemba malipirowo,
ndi amene amagula thabwa osafunsa chitsa chake,
ndiponso chimene kampani yanga idzacheke
mwana wanga akadzafika msinkhu wangawu.
Sindinamalize kuganiza. Tsiku lopereka lakwana."

Kapepala ka mayankho kali ndi mfundo zisanu.
Walinase wakhudza imodzi, m'mphepete.

Ndaika pansi cholembera chofiira
kuti ndisonkhezere moto.
Makala awa ndinagula dzulo pamphambano ya ku Zolozolo
kwa mnyamata wokankha njinga yolemera kuposa iye,
matope a ku Kaning'ina ali m'mawondo.
Ndinanenerera mtengo mpaka anagwetsa nkhope.
Ndinalipira pafoni. Kunalira kamodzi.
Nanenso sindinafunse.

Tebulo ili, losalala bwino,
ndani anaona chilolezo chake?
Ndipo chaka chatha ku Lilongwe,
nditawerenga kafukufuku wanga wa utsogoleri wosamala za mawa,
anthu ataomba m'manja, tiyi atamwedwa,
ndinasainira alawansi ya masiku atatu
ine nditagona awiri.
Ndinati ndi yamafuta.
Mlonda uja naye ali ndi dzina lake la chimene amalandira.

Zaka khumi ndi zinayi ndaphunzitsa ana a eni
kuti buku la ndalama lili ndi mbali ziwiri,
cholowa ndi chotuluka.
Palibe mzere wa phiri lometedwa mpala,
palibe mzere wa Lunyangwa akafiira ndi dothi,
palibe mzere wa bambo wamng'ono
woyang'ana kumbali lole ikamadutsa
kuti mwana wa mkulu wake adzavale gauni.

Asanu ndi atatu aja ndiwaitana ku ofesi,
tikakambirane za mnzawo wosagona tulo.
Koma apa ndilembe chiyani?
Anayi pa makumi awiri ndi bodza.
Makumi awiri ndi bodza lina.

Pangodya ya tsamba ndalemba ndi pensulo:
"Lachiwiri ufike msanga.
Udzawerenge izi kutsogolo, tonse tidzayankhe,
ine woyamba."

Magetsi abwera mosagogoda.
Firiji yatsokomola, ana a ku Chibavi akuwa kutali.
Pansi pa tebulo
makala akanali kuyaka,
ndipo mapazi anga sakufuna kuchokapo.